Fumbi Langa, Fumbi la Achimwene

Botolo limene linasowa mu firiji linali la tepi yofiira. Mpata wake ndinauona ngati mmene lilime limapezera pamene pachoka dzino. Ndinasuntha mabotolo ena, ndinasuzumira kuseri kwa thireyi, mpaka ndinagwada n'kuyang'ana pansi, koma mtima unali utadziwa kale. Linali Loweruka, ndipo mu labu yathu yonse yofufuzira mankhwala munalowa anthu awiri okha: ine, ndi alamu anga, akazi a achimwene.

Ndinachoka kwathu ndili namwali, ndinabwerako ndili ndi imvi. Zaka zimene ndinakhala kunja zimakwana kubereka mwana, kumulera, iyenso n'kubereka wake. Mabuku onena za anthu obwerera kwawo ndawerenga ambiri, ndipo onse ndi abodza. Amati msewu umakuzindikira. Ine ndinapeza mitengo ya mumsewu wathu itadulidwa kuti zikwangwani zizioneka bwino. Laibulale imene ndinathera maso ndili mwana ikugulitsa matayala akale. Nyumba ya kanema inasanduka tchalitchi cha munthu wa nsapato zosongoka. Amene anandidikira ndi achimwene okha, nawonso ndi kachigawo chabe ka mapapo awo.

Achimwene anali mmisiri wa ziliza. Moyo wawo wonse anadula miyala yakuda ndi galayinda, kuisalaza, kuilemba mayina a anthu, fumbi lili koboo mu shedi, kumphuno atamanga kansalu, kapena osamanga n'komwe kukatentha. Fumbi la mwala ndi silika, chinthu chomwecho chimene chimapanga mchenga ndi galasi. M'mapapo mwa munthu muli maselo ena amene ntchito yawo ndi kusesa: amameza chilichonse chachilendo. Koma kachidutswa ka mwala n'kakuthwa. Selo likakameza limang'ambika mkati, limafa likukuwa, mkuwe wake n'kuitana anzake, nawonso n'kumeza, n'kufa. Pamene pafera ambiri pamachita chipsera. Mapapo a achimwene anali zipsera zokhazokha.

Inenso ndimapanga silika. Achimwene ankati imeneyo ndiye nthabwala yaikulu imene Mulungu anachita pa banja lathu. Wanga si wakuthwa. Ndi timibulu tosalala, tating'ono toti diso silingatione, tokhala ndi timabowo ngati chisa cha njuchi. M'timabowomo ndimaikamo mankhwala, n'kutseka pakamwa. Selo losesa lija likameza kambulu, asidi wa m'mimba mwake amasungunula chotsekera, mankhwala n'kutulukira mkati mwenimweni, selo n'kusiya kukuwa. M'mbale zanga zagalasi zimatheka. M'mbale basi. Pa khoswe sitinayesebe. Pa munthu ndiye kutali.

Kuti timabowo tikhalepo timagwiritsa ntchito sopo wina waukali. Silika amauma mozungulira timizere ta sopoyo, kenako timachapa sopo ndi spiriti wotentha ndi asidi, mobwerezabwereza, mpaka atheretu. Botolo limene silinachapidwe timalimata tepi yofiira, chifukwa sopo ameneyo amaphulitsa selo lililonse limene wakhudza.

Alamu ndinawaitana ndine. Iwo ndi atelala, amasoka mayunifolomu a sukulu pa makina amene ali pakona m'chipinda chodyera. Tsiku lina anandifunsa, singano ili pakamwa, kuti, "Kodi alamu, kumene mumalawirirako m'mawa uliwonse mumakatani kwenikweni?" Ndinawauza kuti abwere adzaone. M'mawa wa Loweruka limenelo ndinawakhazika pa maikulosikopu. Timibulu tanga ndimatipaka utoto wowala, ndiye anaona maselo ali phee, mkati mwake mukuthwanima timadontho tobiriwira.

Anayang'ana nthawi yaitali, chikwama chili pamiyendo.

"Amenewa ndi a m'mapapo?"

"Ofanana ndi a m'mapapo."

"Ndipo asiya kukuwa kuja mumanena?"

"Asiya."

"Mankhwala ake ali kuti?"

Ndinaloza firiji ndi chibwano, monyadira ngati mwana woonetsa satifiketi. Kenako m'chipinda china munalira belu la makina ophera tizilombo, ine n'kupita kukazimitsa. Pobwera ndinapeza alamu ataimirira, akuti makina awo akuwadikira.

Ine ndili kuchipinda chinacho, anasankha ngati mmene mkazi aliyense wanzeru amasankhira pamsika: botolo la patsogolo, lodzaza, loyera mbee ngati mkaka, la deti yatsopano. Sanadziwe kuti kwa ife chatsopano ndiye chosapsa.

Nditaona mpata uja mu firiji ndinawaimbira, koma foni yawo sanayankhe. Ya achimwene inali yozima. Ndinatuluka osavula n'komwe chovala choyera, n'kukwera njinga yamoto yoyamba imene ndinaiona. Woyendetsa anafunsa ngati kuli wodwala. Ndinati aliko, ndipo ukachedwa kukhala maliro. Tinadutsa pakati pa magalimoto, tinakwera mumsewu wa oyenda pansi, tinatukwanidwa ndi mayi wogulitsa masiketi. M'mashopu monse munali mdima, majenereta akulira. Zinthu zonse zimene ndakhala ndikutukwana chibwerereni, tsiku limenelo ndinadalitsa chimodzi: magetsi anali atazima. Kamakina ka achimwene kosandutsa mankhwala kukhala nthunzi yopuma sikagwira popanda magetsi.

Bedi la achimwene tinalisamutsira m'chipinda chochezera, pafupi ndi windo, chifukwa masitepe a kuchipinda chogona anawakanika. Ndinawapeza atatsamira mulu wa mapilo, timachubu tili m'mphuno, silinda ya okosijeni itaima pambali. Silindayo alamu ankaitcha mkazi mnzawo. Pa kampando panali kamakina ka nthunzi kaja, chivindikiro chili chotsegula, pambali pake timapaketi ta madzi amchere a kuchipatala. Alamu anali ataima manja ali m'chiuno. Botolo langa linali m'dzanja la achimwene.

"Ndinakuuzani, atelala," anatero achimwene. Amalankhula moduladula, akutola mpweya pakati pa mawu. "Uyu mabotolo ake... amawadziwa ngati nkhuku ndi anapiye. Walowa, Sutukesi?"

Sutukesi ndi dzina limene anandipatsa chifukwa m'kachipinda ka kuseri kamene ndimagona, masutukesi anga akadali pamwamba pa kabati, ena osamasula.

"Mwapumako kale zimenezo?"

"Moni kaye. Kumene unakhalako sapereka moni?"

"Achimwene, mwapumako?"

"Ndi chiyani? Ndipumire mu botolo ngati chidakwa? Tikudikira a magetsi atikumbukire."

Ndinatambasula dzanja. "Ndipatseni botololo."

"Sakupatsani," anatero alamu. Mawu awo anali otsika, ngati a munthu amene wayeserera kale zimene anene. "Kuba ndaba, sindikana. Mukanene kupolisi. Koma ndaona ndi maso angawa, mwandionetsa nokha. Mankhwala alipo, akugwira ntchito, ali mu firiji, ndipo amuna anga akufa muno."

"Akugwira ntchito m'mbale, alamu."

"Ndiye amuna angawa ndi otsika kuposa mbale?"

"Sindinatero. Zinthu zimenezi zili ndi njira yake. Timayamba m'mbale, kenako makoswe, kenako..."

"Makoswe!" Anaseka kuseka kopanda mano. "Mwamva, bambo? Muli kumbuyo kwa makoswe pa mzere."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, alamu."

"Nkhono ili ndi nthawi. Awa alibe." Anabwera pafupi nane. Pa dzanja lawo panali kapilo ka masingano, anali ataiwala kukavula. "Ndikufunseni, adokotala. Pamene anagwa m'bafa chifukwa cha chifuwa, munali kuti? Pamene ankadzuka milomo itada bii, ine n'kumawapepesa ndi katoni, munali kuti? Amene amawatembenuza ndine. Amene amawasambitsa ndine. Kabeseni ako kolavuliramo amene amatsuka ndine. Inu mwabwera ndi masutukesi ndi mawu otulukira m'mphuno, n'kumatiuza kuti tidekhe."

Zonse zimene ananena zinali zoona.

"Mwatenga losachapa," ndinatero. "Tepi yofiirayo ndi chizindikiro. Muli sopo woti akalowa m'mapapo amaphulitsa chilichonse."

"Ndimayesa kufiira ndiye mphamvu," anatero achimwene, akulitembenuza botololo.

"Tsopano ndiye asanduka poizoni," anatero alamu. "M'mawa anali mankhwala."

"Ligwedezeni muone."

Achimwene analigwedeza. Pamwamba panachita thovu lambiri, losaphwa.

"Ngakhale mankhwala a chifuwa a ana amachita thovu," anatero alamu.

Nthawi yomweyo babu la padenga linayaka. Wailesi ya pakabati inayambira pakati pa nyimbo, firiji ya kukhitchini inabuula, ndipo kamakina ka pa kampando kanayamba kunjenjemera, chifukwa anali atakasiya koyatsa. Kunja ana anakuwa mokondwera. Tonse atatu tinayang'ana kamakinako.

"Thirani, atelala," anatero achimwene.

Kulimbana ndi munthu wopuma ndi chubu sindikanatha. Ndikanawagwira mkono, akanakomoka m'manja mwanga.

"Dikirani," ndinatero. "Tiyese kaye pa magazi anga. Akapirira, ndithira ndekha, ndi dzanja langali, ndipo sindidzanenanso kanthu."

Achimwene anandiyang'ana ndi diso limene ankayezera mwala ngati uli ndi mng'alu. "Ukulumbira?"

"Pali mayi athu."

"Atelala, mpatseni matambula."

Alamu anabweretsa matambula awiri n'kuwaika pa kampando mwamphamvu moti limodzi linatsala pang'ono kusweka. Ndinathyola timapaketi ta madzi amchere n'kuthira m'matambula onse. Ndinasolola singano pa kapilo ka pa dzanja lawo, iwo osasuntha, n'kudzibaya pa chala. Ndinafinyira magazi muno ndi muno, n'kugwedeza. Madzi onse anachita mbuu, ofiirira, ngati madzi otsukira nyama. Ndinatenga kabokosi ka mapiritsi n'kukaika kuseri kwa tambula loyamba.

"Werengani, alamu."

"Sizikuoneka."

"Chifukwa maselo a magazi ali moyo, ali athunthu, akutchinga kuwala. Achimwene, botolo."

Sanalisiye msanga. Zala zawo zinali zitatupa kunsonga ngati timitu ta ndodo, zikhadabo zitapindika. Zala zomwezo zinkandimangira zingwe za nsapato. "Madontho okha," anatero.

Ndinadonthezera pang'ono mu tambula lachiwiri n'kulizunguza. Sizinatenge nthawi. Mbuu uja anayamba kutha kuchokera pamwamba, madzi n'kusanduka ofiira piriwiri, oyera ngati galasi la pawindo la tchalitchi. Ndinasunthira kabokosi kaja kuseri kwake.

"Werenganinso."

Alamu anawerama. Maso awo anatsata zilembo zonse za pa kabokosiko.

"Aphulika onse," ndinatero. "Palibe latsala. M'mapapo zikanachitika chimodzimodzi, kungoti mapapo akaphulika mkati amadzaza madzi."

Alamu anakhala pansi pa mkono wa sofa. Wailesi inali ikuimbabe. Achimwene anatambasula dzanja n'kuzimitsa kamakina, ndipo ndinaganiza kuti nkhani yatha. Ndinaiwala kuti munthu ameneyu anakhala moyo wake wonse akukangana ndi miyala.

"Chabwino," anatero. "Atelala anasankha molakwika. Si mlandu. Ngakhale ine anandisankha molakwika." Anapuma. "Pita ukatenge lochapa."

"Ayi."

"Sunamve. Ndati lochapa. La tepi yabwino."

"Ndamva. Ayi."

"Iwe, Sutukesi. Ukundikaniza ine?"

"Ndikukukanizani."

Chifuwa chinawagwira. Alamu analumpha n'kuwagwira pamsana, kabeseni kali kukamwa. Ndinadikira mpaka chitatha. Ndikanatha kunama. Ndikanati mawa, ndikanati mwezi wamawa, ndikanati kiyi ali ndi abwana. Kunja ndinakhala pakati pa anthu odziwa kukana akumwetulira, ndipo luso limenelo ndinaliphunzira bwino. Koma sindinabwerere kwathu kudzalankhula choncho.

"Lochapalo silinalowepo m'chamoyo chilichonse chopuma," ndinatero. "Ndi fumbi ndithu, ngakhale ndi losalala. Mapapo ngati anuwo akhoza kutsekeka ndi fumbi lililonse. Ndipo ngakhale litagwira ntchito bwino lomwe, limangotontholetsa maselo amene akukuwa. Chipsera silichotsa. Chipsera sichibwerera, achimwene. Ntchito imeneyi ndinaiyamba chifukwa cha inu, koma inu simudzaipeza."

Alamu ndi amene anazimitsa wailesi.

"Ndiye ndi ya ndani?" anafunsa achimwene.

"Ya amene akudula miyala lero mu shedi munasiya ija. Mwina. Zikayenda."

"Mwina. Zikayenda." Anabwereza mawuwo ngati akulawa chinthu chowola. "Tamvera, mlongo wanga. Mapapowa ndi anga. Ndawawononga ndekha, palibe anandituma. Ndikufa kale. Ukuopa chiyani? Kuti ndifa kawiri?"

"Imfa ili ndi mitundu. Inu mukadali ndi m'mawa wambiri woti mudzuke n'kutukwana nkhani za pa wailesi. Iyi ndi ya lero madzulo, kumira pa bedi louma, alamu akuonerera, dzanja lothira lili lawo."

"M'mawa umenewo waulawapo iwe? Ukudziwa mmene umakomera?" Anatola mpweya, maso ali pa dzanja langa. "Ndiye bweza langalo. Lofiiralo. Likhale apa pa kampando. Ndisankhe ndekha tsiku."

"Bambo!" anakuwa alamu.

"Khalani chete, atelala. Bweza, Sutukesi. Si lako lokha. Fumbi limenelo ine ndinayamba kulidya iwe usanadziwe kulemba dzina lako."

Ndinatsegula botolo n'kulikhuthulira lonse m'kabeseni kolavuliramo. Ndinathiramo ndi magazi anga a m'matambula onse awiri, n'kunyamula kabeseniko kupita nako kuchimbudzi, n'kugujumula. Botololo ndinalitsuka pa mpopi n'kuliika m'thumba la chovala changa. Pobwerera ndinapeza achimwene atatembenukira kukhoma.

Alamu anali ataima pakati pa chipinda. Sankalira. Bola akanalira.

"Miyezi yonseyi," anatero, "ndimati mukamatuluka m'mawa, mukupita kukawakonzera. Ndimakuphikirani tiyi ndi mtima umenewo. Ndimakusitirani chovala chimenecho ndi mtima umenewo. Mumadziwa chiyambire kuti si zawo?"

"Ndimadziwa."

"Osanena bwanji?"

"Simunafunse. Inenso ndinkakonda tiyiyo."

Khofi lawo linandipeza pa khutu. Dzanja la telala ndi lolimba kuposa mmene limaonekera.

"Tulukani m'nyumba mwanga."

"Alamu..."

"Mlendo ndi mame. Dzuwa latuluka. Tulukani, ndipo musadzalowenso."

Ndinayang'ana msana wa achimwene. Sunagwedezeke. Ndinatuluka, chitseko n'kumenyedwa kumbuyo kwanga, mpiringidzo n'kulira.

Pakhonde, pansi pa windo la chipinda chochezera, pali zidutswa za miyala zimene achimwene ankabwera nazo kuchokera ku shedi, akuti adzapangira tebulo. Ndinakhala pa chidutswa chimodzi, msana utatsamira khoma. Khutu linali likulira. Kutsidya kwa msewu, mayi wa pa saluni anasiya mutu wa kasitomala uli theka n'kubwera pakhomo pake kudzaonerera. Ndinamuyang'ana mpaka anabwerera mkati.

"Mukadali pamenepo?" Anali alamu, kuseri kwa chitseko. "Ndati muzipita!"

"Nyumba ndi yanu, alamu, sindikukana. Koma khonde ili ine ndinakwawirapo inu musanadziwe kuti kuli msewu uno."

"Mugona pompo!"

"Ndagonapo m'mabwalo a ndege ozizira kuposa pano."

Posakhalitsa makina osokera anayamba kulira, mwaukali, osapumira, ngati akusoka yunifolomu ya sukulu yonse pa msoko umodzi.

Dzuwa linapendeka. Mthunzi wa chikwangwani cha kutsidya unawoloka msewu n'kufika pamapazi anga. Pamalo pamenepo kale panali mtengo waukulu wa maluwa ofiirira, ndipo achimwene ankandikweza paphewa kuti ndithyole. Tsopano pali nkhope ya mtsikana wa mano oyera akuseka ndi foni. Ndinakhala ndikumvetsera kupuma kwa achimwene kudzera pa galasi: kukoka kwautali, kaphokoso ngati pepala likukwinyidwa, kenako kutulutsa. Nthawi iliyonse kukachedwa, inenso ndinkasiya kupuma.

Kenako chogwirira windo chinalira. Windo linatseguka pang'ono pamwamba pa mutu wanga.

"Sutukesi."

"Wawa."

"Ukadalipo?"

"Ndilipo."

"Zachilendo." Anapuma kangapo. "Atelala akumenya bwino?"

"Khutu likuimba nyimbo za kwaya."

"Ine ndakhala nazo zaka zonsezi. Ukuganiza kuti ndinathawira ku miyala chifukwa chiyani?"

Sindinaseke, koma anamva kuti ndatsala pang'ono.

"Sindinakukhululukire," anatero.

"Sindinapemphe."

"Mwano umenewo ndi wa mayi athu." Anatola mpweya. "Tandiuza. Maselo ako a m'mbalewo. Ndi a ndani?"

"Timagula. Anachokera mwa munthu wina amene anamwalira kalekale, kutsidya kwa nyanja. Amabwera ataumitsidwa ndi chisanu, ife n'kuwadzutsa."

"Anadulapo mwala munthu ameneyo?"

"Sindikhulupirira."

"Ndiye ukufunsa maganizo kwa munthu... woti fumbi sanalilawepo?"

"Aliyense amayambira pamenepo, achimwene. Maselo a odwala enieni sapezeka wamba. Pamafunika chipatala, madokotala, odwala ovomera."

"Mmm."

Windo linakhala lotsegula. Ndinamva akusuntha zinthu pa kampando, chivindikiro chikutsegulidwa, madzi akuthiridwa n'kutayidwa. Kenako chifuwa chinayamba, koma ichi chinali china: ankachiitana dala, kuchikumba pansi penipeni. Chinatenga nthawi moti ndinaimirira. Makina osokera anaima.

"Ndili bwino, atelala!" anakuwa ndi kamawu kotsalira. "Sokani!"

Dzanja linatuluka pa windo. Linagwira kabotolo kagalasi kamene munali mapiritsi a mavitamini, kotsukidwa, kotsekedwa bwino. Pansi pake panali makhololo otuwa, okhala ndi timadontho takuda.

"Anga alimo mmenemo?"

Ndinakayang'anitsa pa kuwala. "Alimo. Osesa aja amatuluka ndi makhololo."

"Amoyo?"

"Ena."

"Kawadyetse. Lochapalo. M'mbale mwakomo, poti ndi mmene umakhulupirira. Ndikufuna ndimve ngati angakhale chete."

"Pamafunika chilolezo cha komiti yoyang'anira kafukufuku."

"Komiti ya mapapo awa ndine. Wapampando ndine, mlembi ndine. Tavomereza."

"Sindingathe kuzilemba paliponse. Kungoyang'ana basi."

"Ndani wakuuza kuti ulembe? Ine ndalemba mayina okwanira."

"Achimwene, sizikuchizani."

"Ndamva kale. Amene anafa ndi mapapo, osati makutu."

"Akhoza kufa m'mbalemo. Akhoza kukuwa kuposa kale. Maselo anu atopa, sali ngati ogula aja."

"Ndiye udzandiuze zimenezo. Mmene wandiuzira lero, osathira shuga." Anatsamira felemu ya windo, mphumi ili thukuta. Milomo yawo inali yakuda. "Ndipo akakhala chete... usabwere ndi nkhope ya chisoni. Ubwere undiuze kuti fumbi lako lagonjetsa langa. Ndikufuna ndilione likugonja kamodzi kokha... ngakhale m'mbale."

Ndinalandira kabotolo. Kanali kofunda.

"Sakhalitsa kunja kwa thupi," ndinatero. "Ndiyenera kupita pompano."

"Ukudikira chiyani? Kuchoka ndiye ntchito imene umaidziwa."

Ndinakakulunga ndi kansalu n'kukaika m'thumba la pachifuwa. Makina osokera anali asanayambirenso. Ndinadziwa kuti alamu aima kuseri kwa chitseko, amva zonse. Ndinadikira pang'ono, maso ali pa chogwirira. Sichinatembenuke.

Ndili pa geti, ndikukweza dzanja kuimitsa njinga yamoto, mawu awo anatuluka m'nyumbamo, okwera moti mayi wa pa saluni anasuzumiranso.

"Ndati musadzalowenso muno!"

"Ndamva, alamu!" ndinakuwa, mwendo uli kale pa njinga. "Ndibwera pa windo!"